Maliro Amene Tinakana Kulira

1

Dzina langa ndine Mailesi, mkazi wa malemu a Laison, a m'komboni ya kampani yocheka matabwa kuno ku Umtali. Kulemba ndaphunzira nditakula kale, ndiye amene akufuna mawu osalala akawerenge kwina. Ndagwira pensulo chifukwa sabata yatha, pa maliro ena, ndinamva a Stanford akuuza anthu kuti amuna anga anali mzati wa sosaiti yathu ya maliro. A Stanford! Ndinadzuka pamphasa, n'kulavula pansi, n'kubwerera kunyumba nyimbo isanathe. Anthu akuti ndapenga. Chabwino, wopengayo akuuzeni zimene zinachitika mu 1938, popeza anzeru onse aiwala.

Tinabwera kuno mu 1928, wapansi, kuchokera kwathu ku Dedza kudzera ku Tete. A Laison analembedwa ntchito yogwetsa mitengo kumapiri, kenaka anawaika pamacheka. Anali munthu wosakonda zolankhulalankhula, ndipo akanena chinthu, kuwabweza kunali kudzitopetsa.

Chaka chathu chachiwiri, bambo wina wa ku Mulanje anafera m'chipatala wopanda womudziwa. A Laison anaona ndi maso awo akaidi anayi atamukulunga m'bulangete long'ambika, n'kumuponya m'dzenje kuseri kwa manda, popanda nyimbo, popanda wosamala kumene mutu waloza. Tsiku limenelo sanadye. Lamulungu lotsatira anasonkhanitsa Anyasa onse a m'komboni, Achewa, Ayao, Atonga ndi Alomwe, n'kuyambitsa sosaiti ya maliro. Lamulo loyamba linali lalifupi: munthu wakwathu asaikidwe ndi akaidi. Anthu anawasankha kukhala tcheyamani, ndipo anakhala pampandowo zaka zisanu ndi zitatu popanda wodandaula.

Tsono m'komboni momwemo munali Crispin, wapolisi wa kampani, Mnyasa mnzathu wa ku Chiradzulu. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Ankayenda ndi chipewa chofiira ndi chikoti cha mvuu, kutaya mowa wa azimayi, kuthyola zitseko posaka akazi opanda chitupa cha ukwati, ndi kukanenera kwa mzungu aliyense wodandaula za phoso, chakudya chimene kampani inkatigawira. A Kenani, mdala wa ku Nkhata Bay, diso lawo lamanzere linatha ndi chikoti chimenecho. A Laison omwe anawakwapula pamaso pa anthu tsiku lina, atafunsa chifukwa chake nyemba zinali zofumbwa.

Munthu ameneyo ndinkadana naye kuposa aliyense m'komboni. Anthu ankati ndi chifukwa cha zipsera za pamsana pa amuna anga, ine n'kumavomera.

2

Chibayo chinamugwira Crispin Lolemba, Lachinayi m'mawa chinamumaliza. Uthenga unatipeza pampopi tikutunga madzi. Emelda, mkazi wa a Stanford, anatula ndowa n'kuimba nthungululu, ndipo ine ndinamulandira yachiwiri. Sindibisa, ndinavina mpaka madzi anatayika.

Mabatani, wantchito wa kuchipatala, anabwera ndi mawu akuti mtembo ukatengedwe pasanafike Lolemba m'mawa, apo ayi akaidi agwira ntchito yawo. Crispin analibe mkazi, analibe m'bale. Lachisanu ataweruka, amuna anakumana pansi pa mkuyu wa pakati pa komboni, ife azimayi titakhala chapambali monga mwa nthawi zonse.

"Abale anga, tili ndi zovuta," anatero a Laison. "Tigawane ntchito. Okumba manda ndani, okhoma bokosi ndani?"

A Stanford, amene anali wachiwiri wawo, anaseka.

"A tcheyamani, mwati zovuta? Ife tikuona ngati chisangalalo. Maliro n'kulirana. Iyeyo analira ndani?"

"Sanalire aliyense, zimenezo ndikudziwa."

"Nanga? Amuike mzungu wake. Amuike akaidi, ndiwo anzake, ambiri a iwo anawalowetsa m'ndende ndi iyeyo."

Anthu anaombera m'manja. A Laison anadikira phokoso lithe.

"Lamulo lathu likuti munthu wakwathu. Silikuti munthu wabwino. Crispin ndi wa ku Chiradzulu, anabadwa kwa mayi ngati ife. Tikayamba lero kusankha woikidwa ndi wotayidwa, mawa tidzasankha kuti Myao ayi, mkuja tidzati woledzera ayi. Ine pampando pano sindilola."

"Vulani malaya anthu aone msana wanuwo!" wina anakuwa kumbuyo.

"Msana ndi wanga. Ukamapweteka, womva ndi ine. Lamulo ndi la tonse."

Ine magazi anandiwira. Mwambo sulola mkazi kutsutsa mwamuna wake pabwalo, koma ndinaimirira. "Azimayi sitiphika, sitigona kusiwa, sitiimba," ndinatero. "Amene akufuna kulira galu alire yekha." Azimayi onse anandivomereza. A Laison anangondiyang'ana kamodzi, n'kutembenuka.

3

Kunyumba sindinawapatse ndi madzi omwe. Mwana wathu wamkazi Chisoni, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndinamutuma kukatenga moto kwa anansi kuti asamve.

"Abambo a Chisoni, mwadya chiyani? Komboni yonse ikukana, inu nokha ndinu oyera?"

"Sindinanene kuti ndine woyera."

"Mudzalandira chiyani? Mzimu wake udzakuthokozani? Mzungu adzakupatsani mendulo?"

"Palibe chimene ndilandire, amake Chisoni."

"Ndiye musiyeni aponyedwe m'dzenje! Ndikukupemphani, ine mkazi wanu. Sindinakupempheni nsalu, sindinakupempheni nsapato. Ndikupempha ichi chokha."

Anapukuta utuchi m'manja. Kenaka anati, "Mukanapempha china chilichonse."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama. Munthu woti sakalipa ndi wovuta kukangana naye, umangokhala ngati ukumenya thumba la mchenga.

Loweruka m'mawa, pampopi pomwe paja, panabadwa nkhani. Akuti a Laison anaonedwa akutuluka mu ofesi ya mzungu woyang'anira komboni. Akuti mzungu wawalonjeza chipewa chofiira ndi chikoti cha Crispin, bola amuike mwaulemu kuti apolisi ena a kampani asagwe mphwayi. Pofika masana nkhaniyo inali itakwera kumacheka. Pofika madzulo inali m'kamwam'kamwa, ndipo inali itamera nthambi: ena akuti anaona a Laison akuyeza chipewacho, ena akuti akhala akunenera anthu kwa mzungu zaka zonsezi.

Taonani anthu! Munthu amene anasambitsa mitembo ya abale awo, amene anayenda wapansi mpaka ku Penhalonga kukatenga mtembo wa mlongo wa a Stanford, tsiku limodzi lokha linakwana kuti amusandutse kapirikoni, kazitape wa mzungu. Palibe anafunsa kuti wawaona ndani. Anameza nkhaniyo yosatafuna chifukwa inawakomera. Zinali zosavuta kukhulupirira kuti a Laison agulidwa kusiyana ndi kuvomera kuti akunena zoona.

A Laison atabwera kuntchito, malaya awo anali ndi malovu kumsana. Anawavula n'kuwachapa okha.

4

Lamulungu m'mawa, anthu asanapite kumapemphero, a Stanford anaitanitsa msonkhano. Sunatenge nthawi.

"A Laison, anthu akuti mukufuna chipewa."

"Ndi bodza."

"Lumbirani potisiyira mtembowo. Mukausiya, tidziwa kuti ndi bodza, mpando ndi wanu."

Apa ndiye panali pothawira, pabwinobwino. Akanangoti chabwino, dzina lawo likanayera pomwepo, mpando ukanakhala wawo, ine ndikanawaphikira nkhuku. Ndinawayang'ana ndikupemphera mumtima kuti agonje.

"Sindingayeretse dzina langa ndi mtembo wa munthu," anatero.

Anthu anakweza manja kuti a Laison achoke pampando. Onse, kupatula a Kenani. Buku la mayina, belu ndi kalata ya sosaiti yokatengera mitembo kuchipatala zinapita m'manja mwa a Stanford, amene ankazilandira ngati akukana, koma mano onse ali pamtunda. Makasu ndi mafosholo a sosaiti anawatsekera. Wina anatola chibuluma n'kuwagenda nacho a Laison pakhosi akuchoka. Sanacheuke.

Ine ndinapuma. Popanda kalata ija chipatala sichipereka mtembo kwa munthu wamba, pokhapokha akhale wachibale. Ndinati basi, yatha.

Nditalowa m'nyumba ndinawapeza atagwada pa sutikesi yathu ya malata.

"Chitupa cha ukwati chili kuti, amake Chisoni?"

"Mukuchifuniranji?"

"Pachitupapo palembedwa kuti Crispin ndi mlongo wanu. Ndiye kuti ndi mlamu wanga. Mabatani akaona zimenezo apereka mtembo."

Apa ndikufotokozereni, inu amene munabadwira kuno. Kwathu mwamuna salowola. Amapita kuchikamwini, ankhoswe akagwirizana ukwati watha. Ife tinabwera ndi ukwati woterowo, tikuyesa kuti mawu a ankhoswe ayenda nafe kulikonse. Titafika kuno tinapeza kuti boma likufuna pepala, ndipo pepalalo silituluka popanda bambo kapena mlongo wa mkazi wokalumbira kuti walandira malowolo. Mkazi wopanda pepala ankamuyesa wa mapoto, wongolowana, ndipo ankamukweza lole kumubweza kumalire. Ine bambo anga anali ku Dedza. Amene anakaima pamaso pa boma n'kunama kuti ndi mlongo wanga, n'kudinda chala, anali Crispin.

"Pepala limenelo musaligwire," ndinatero.

Analipeza okha pansi pa nsalu zanga. Analipinda, n'kuika m'thumba la malaya, n'kutuluka.

5

Bokosi anakhoma okha kuseri kwa nyumba, ndi zidutswa za matabwa zimene kampani imataya. A Kenani anabwera ndi khasu la kudimba kwawo. Ndinawamva akulankhula.

"Inetu ndikumuona ndi diso limodzi, a Laison, ndiye mkwiyo wanganso ndi theka. Tiyeni tikamukwirire asananunkhe."

Ngolo ya abulu anabwereka kwa mdala wina wa Chimanyika wogulitsa nkhuni. Ine ndinatseka chitseko, n'kukhala pansi. Dzuwa litapendeka ndinaitana Chisoni kuti adzasinje, koma sanayankhe. Emelda ndiye anandiuza, akumwetulira: "Mwana wanu wakwera ngolo ndi bambo ake, asisi. Kaya akukamuphunzitsa upolisi."

Ndinathamanga mtunda wonsewo mpaka kumanda a anthu akuda, nsalu ili m'manja. Ndinawapeza atatsitsa kale bokosi. Anthu anali atatu basi, wachinayi mwana wanga. Mdala wa Chimanyika uja atandiona anavula chipewa n'kunena mawu awo opepesera maliro, "Nematambudziko, mai." Ankayesa kuti ndine namfedwa. Kenaka anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa a Laison, "Ko vanhu varipi?" kutanthauza kuti anthu ali kuti.

"Ndi omwewa," anatero a Laison.

Mutu anaulozetsa kumpoto, kwawo. A Kenani anayambitsa nyimbo ya Chitonga ndi mawu awo osasa, palibe anaipolokozera. Itatha, a Laison anawerama n'kutapa dothi. Mwambo wake, woyamba kuponya dothi amakhala wamagazi, ndipo pakasowa wamagazi amaponya tcheyamani. Ndinkadikira kuti aponye tizipita.

Sanaponye. Anagwira dzanja la Chisoni, n'kulitambasula, n'kuthiramo dothilo.

"Ponya, mwanawe. Iwe ndiye woyamba."

"Chifukwa chiyani ine, ababa?"

"Ponya basi. Udzamva ukadzakula."

Dothi linagunda pabokosi. A Laison sanandiyang'ane, ndipo posandiyang'anapo m'pamene ndinadziwa kuti akudziwa. Ndinakhala pansi pa manda a munthu wina, osazindikira.

6

Tsono ndinene chimene ndinasunga zaka khumi.

Mu 1928, titangofika, a Laison anawatumiza kumapiri miyezi inayi. Sabata yachiwiri Crispin anathyola chitseko changa masana, n'kufunsa chitupa. Ndinalibe. Anandiuza kuti lole inyamuka Lachisanu, ndipo amuna anga adzapeza nyumba yopanda munthu. Kenaka anatseka chitseko, n'kunena kuti pali njira ina. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chilankhulo cha kuno sindinkachimva, njira ya kwathu sindinkaidziwa. Anabwera katatu. Pepala linatuluka. Chisoni anabadwa.

Sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti a Laison atenga nkhwangwa, ndipo akawapachika ku Salisbury chifukwa cha ine.

Pobwerera kumanda a Kenani anatsogola ndi mwana pangolo. Ife tinatsalira panjira ya kumtsinje wa Sakubva. Ndinawagwira malaya.

"Munadziwa liti?"

"Miyezi ndimatha kuwerenga, amake Chisoni. Ndipo pepala limene ena amadikira chaka, lathu linatuluka m'sabata ziwiri, lili ndi chala cha Crispin. Crispin sankathandiza munthu ulere."

"Zaka khumi! Mumadziwa, n'kumandiyang'ana ndikuwonda, ndikudzidzimuka akamadutsa pakhomo, inu muli chete?"

"Ndinkadikira kuti munene nokha. Ndinkaopa kuti ndikayamba ine, mudzayesa ndikukuimbani mlandu."

"Mantha! Pabwalo ndinu mkango, m'nyumba mwanu munalephera kutsegula pakamwa!"

"Pamenepo ndinalakwa," anatero. "Ndinalakwa kwambiri."

Ndinawamenya pachifuwa ndi zibakera zonse ziwiri. "Ndiye mukudziwa zimene anandichita, n'kumukhomera bokosi ndi manja anu? Mwamukhululukira ndani wakutumani? Thupi linali langa!"

"Sindinamukhululukire." Mawu awo ananjenjemera, koyamba chiwadziwireni. "Pomusambitsa lero ndinasanza kawiri, afunseni a Kenani. Nkhwangwa yanga ndinainola kangapo zaka zimenezi, n'kuibwezera pamalo pake. Koma anthu aja anandipatsa mpando kuti ndiike Anyasa, sanandipatse kuti ndilipsire adani anga. Ndikanamutaya, onse akanaombera m'manja, ine ndekha ndikanadziwa kuti ndamutaya chifukwa cha za m'nyumba mwanga."

"Nanga mwana? Munamutengeranji?"

"Mwana ndi wanga, ndinamulera ndine, ndipo adzandiika ndi iye. Koma dothi lija linali lake. Sindikanamulanda."

Apa ndinayenera kulekera pomwepo, koma panatsala chinthu chachiwiri choti ndiulule.

"Nkhani ya chipewa ija," ndinatero, "ndinayambitsa ndine. Ndinanong'oneza Emelda pampopi kuti ndakuonani mukutuluka mu ofesi ya mzungu. Ndinadziwa kuti mawu a mkazi wanu palibe angawakayikire. Ndinkafuna akulandeni kalata ija, galuyo aponyedwe m'dzenje."

Ichi sankachidziwa. Ndinaona nkhope yawo ikugwa. Anachotsa manja anga pamalaya awo pang'onopang'ono, n'kuyenda okha kutsogolo. Masiku asanu ndi limodzi sanandilankhule, ndipo chakudya changa ankadya ngati mankhwala.

7

Lamulungu lotsatira a Stanford analiza belu koyamba ngati tcheyamani. Nkhani inali yoti a Laison achotsedwe m'buku la sosaiti, iwo ndi banja lawo. Chipewa chija mzungu anali atapatsa kale munthu wina wa ku Tete, koma zimenezo sizinasinthe maganizo a aliyense. Ankati a Laison anachita kupusitsidwa.

Ndinaimirira kachiwiri pansi pa mkuyu uja.

"Emelda, nena pamaso pa anthu. Nkhani ya ofesi unaimva kwa ndani?"

Emelda anayang'ana pansi. "Kwa inu, asisi."

"Ndinanama. Amuna anga sanapondeko ku ofesi. Ndinapeka ndekha."

"Mkazi angapekere mwamuna wake bodza lotere chifukwa chiyani?" anafunsa a Stanford. "Akutumani kuti muwayeretse."

Ndinaona kuti theka la choonadi siligula kanthu pamenepo. Za mwana sindinanene, zimenezo zinali zake. Koma ndinanena za lole, za chitseko, ndi mtengo wa chitupa changa. Ndinatembenukira kwa azimayi.

"Ndipo si ine ndekha. Muli pano ena amene mapepala anu ali ndi chala chomwecho. Sindikutchulani. Amuna inu, amene mukuti munthu uyu wagulidwa, munali kuti pamene zitseko zinkatsekedwa masana? Amuna anga anadziwa za ine, n'kumuikabe Crispin, chifukwa cha lamulo limene inu munakwezera manja. Ndani wa inu akanatha?"

Azimayi atatu analira mofunda kumaso. Amuna anayang'ana nyerere.

Mukuyesa anapepesa? Mukuyesa anabweza belu? Ayi ndithu. M'buku anatisiyamo, poti manyazi anawagwira. Koma mpando unakhala wa a Stanford, ati zimene msonkhano wagamula sizibwerera. Ndipo kuyambira tsiku limenelo a Laison anasiya kukhala kapirikoni, anasanduka choseketsa. Kumowa ankati ndi mwamuna wosambitsa wakuba m'munda mwake. Ine pampopi azimayi ankasuntha ndowa ndikafika, makamaka atatu aja. Anthu akanawakhululukira a Laison atakhala olakwa. Chimene sanathe kukhululuka n'chakuti anali olondola pamaso pawo.

Tikubwerera kunyumba a Laison anandilankhula koyamba. "Simunayenera kudzivula chotero chifukwa cha ine."

"Sindinachitire inu," ndinayankha. "Bodza linali langa, ndinakalitenga."

Anagwedeza mutu. Madzulo amenewo anadya n'kupempha china.

Zaka zisanu ndi zinayi zotsatira anakhala membala wamba. Belu likalira, woyamba kufika ndi fosholo anali iwo, ngakhale pa maliro a anthu amene anawalavulira. Ine zinkandinyansa, ndipo ndinkawauza. Anamwalira mu 1947, chifuwa cha utuchi, osabwezeredwa mpando, osapepesedwa ndi munthu ngakhale mmodzi.

8

Chaka chino cha 1949 Chisoni wapeza mwamuna, mnyamata wa kunjanji. Ukwati usanachitike anandikhazika pansi masana ena tikusankha nyemba.

"Amayi, dothi lija. Ababa anati ndidzamva ndikadzakula. Ndakula."

Ndinamuuza zonse, monga ndakuuzirani inu, ndipo ndi iye wandilola kuti ndilembe. Sanalire. Anangoti, "Ndiperekezeni."

Tinapita. Manda a Crispin alipo, achisanu ndi chiwiri kuchokera pa mtengo wa bulugamu, ndi kathabwa kamene a Laison ankakasintha chiswe chikadya, ine osadziwa. Chisoni anaima pamenepo. Kenaka anayamba kulankhula, osati mopemphera ayi. Anamuuza Crispin zimene ine ndinalephera kumuuza ali moyo. Anamutchula chimene anali. Anamuuza kuti dzina lake silidzapatsidwa kwa mwana aliyense wa m'mimba mwake, ndi kuti bambo ake ndi a Laison, amene agona mizere itatu kumtunda. Atamaliza anapukuta m'maso, n'kupita kukazula udzu pamanda a amene anamulera.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi mipando, kaya ya sosaiti, kaya ya tchalitchi, kaya ya m'lokeshoni, sindikunamizani kuti chilungamo chimalipira. Amuna anga sichinawalipire kanthu. Chinawalanda mpando, chinawalanda anzawo, ndipo mkazi wawo yemwe anawabaya kumsana. Akanangovomera kutaya mtembo umodzi wa munthu woipa, bwenzi atafa akulemekezedwa. Mpaka lero ndimawakwiyira chifukwa cha zaka khumi zimene anakhala chete, ndimakwiyira komboni yonse, ndipo ndimadzikwiyira ndekha koposa. Crispin sindinamukhululukire, ndipo wondiuza kuti ndikhululuke asafike pakhomo panga.

Koma tsiku limene ndinaperekeza Chisoni kumanda ndinaganiza chinthu chimodzi. Ndikanapambana ine mu 1938, mwana wanga atandifunsa, ndikanamutengera kuseri kwa manda, kumene amatayako zinyalala, n'kumuuza kuti penapake m'munsimu, pakati pa anthu osadziwika mayina, ndi pamene ine mayi ako ndinamuponyetsa. Akanasowa poima, akanasowa womutukwana, ndipo mkwiyo wonsewo akanabwerera nawo kunyumba monga ndinachitira ine. Mwana wanga anautula pamanda aja n'kuusiya pomwepo, ndipo ku ukwati wake anavina. Manda amenewo anakumba ndi anthu awiri, wina wa zipsera kumsana, wina wa diso limodzi, ife tonse olungama titakhala m'nyumba titatseka zitseko.